Ulendo wathu wa ku Ntcheu ndi nkhani ya buleki ija

Anzanga a kalabu ya aphunzitsi a Chingerezi, lipoti lija la ulendo wokaonerera phunziro kwa aphunzitsi anzathu a ku Ntcheu ndi ili, amene simunapite musadandaule ndikuuzani zonse ngakhale zija ena akufuna ziyiwalike.

Tinanyamuka pa Bembeke cha m'ma 6 koloko chifunga chili mbuu, aliyense jekete ndi chitenje pamwamba. Tinalipo 14 kuphatikiza a hedi omwe anati akungotiperekeza koma anakhala nafe mpaka usiku. Minibasi yomwe tinahaya imayenda bwinobwino mpaka titadutsa pa Masasa, ndiye adalaiva anaima pambali pa msewu nkunena kuti "pepani aphunzitsi, buleki". Amayi msungichuma kumbuyo kuja atangomva buleki anavundukula beseni la mandasi ndi mafulasiki a tiyi nkuyamba kugawa, adalaiva ali chagada pansi pa galimoto manja ali bii ndi oilo ife tikutafuna. A tcheya atatsika kutsogolo nkuona beseni lili theka anapsa mtima kwambiri, ati mandasiwo anali oti tikadye ndi otilandira, mwatichititsa manyazi. Amayi msungichuma nawo sanagonje ati "a tcheya musandikalipire ngati mwana, munthu wanena kuti buleki, ine buleki yomwe ndimadziwa ndi ya 10 koloko". Mawu anakwera ndithu mpaka ena anayamba kukumba za K5,000 yosonkha ija yomwe sizimagwirizana nkomwe. Anatithandiza ndi a hedi, anatulutsa choko m'thumba nkulemba pachitseko cha minibasi brake pamwamba break pansi, nkuti "phunziro lomwe tikulipitira ku Ntcheu layambira pompano". Ngakhale a tcheya anaseka.

Pa Lizulu tinaima kugula mandasi ena ndi kabichi ndi mbatata ya kachewere, achimwene athu ophunzitsa sitandade 8 anaoloka msewu nkubwerera akuti apita ku Mozambique popanda pasipoti, zomwe ndi zoona poti malire ali pamsewu pomwepo.

Tinafika mochedwa koma anzathu anatidikira. Amayi omwe anaphunzitsa sitandade 6 ife tikuonerera sanayambe ndi Chingerezi ayi, anafunsa ana kuti mtengo ndi chani, wina anati wa mango wina anati wa sopo kugolosale, ndiye anawauza kuti mwaona, kwathu konkuno mawu amodzi amasenza zinthu ziwiri ndipo simusokonezeka chifukwa mumamva chiganizo chonse. Atatero mpamene anabweretsa week ndi weak, meat ndi meet, flour ndi flower, lililonse m'chiganizo chake pa kakhadi kodula ku katoni. Pokambirana anatifotokozera kuti Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha pamene Chingerezi chimalemba ndi zilembo zomwezo koma katchulidwe nkambirimbiri, nchifukwa hat, hut, heart ndi hurt mwana wathu amangomva hati. L ndi r kwa ife ndi liwu limodzi, timangolemba r pambuyo pa i kapena e, ndiye pray ndi play, rice ndi lice khutu silisiyanitsa. Ndiye palinso ongofanana pamaso monga lose ndi loose, quite ndi quiet, amenewa ngakhale foni siikukonzera poti onse ndi mawu enieni.

Apa ine mtima unandipweteka. Ndili ndi kamtsikana m'kalasi mwanga kamene kamalemba I live home at six tsiku lililonse mmalo mwa leave, ndakhala ndikukadula ndi bolopeni yofiira teremu yonse osakauza chifukwa chake, pamene ineyo ndikamatchula mawu awiriwa pakamwa panga amatuluka chimodzimodzi. Lolemba ndinakaitana tinakhala pansi ndi makhadi.

Nkhomaliro ndiye eee, nsima ya ufa woyera, nkhuku ya lokolo, nyemba, mpiru wotendera ndi mpunga pambali. Achimwene a pasipoti aja anakweza mbale nkupempha more lice mwadala, amayi ophika omwe anamva phunziro lonse ali pawindo anayankha kuti nsabwe zatha koma mpunga ulipo, holo yonse inagwa ndi phwete.

Zikomo anzathu a ku Ntcheu potipatsa makhadi 40 ulele, zikomo a hedi chifukwa cha choko chija, adalaiva potifikitsa amoyo, amayi msungichuma ndi a tcheya pokhala mpando umodzi pobwerera. Achemwali omwe anatenga fulasiki yobiriwira mwangozi ibwere Lachisanu. Anzathuwa akubwera kwathu teremu ikubwerayi ndipo apempha kuti tikawaonetse zojambula za pamiyala ku Chongoni, ndiye aliyense akonze makhadi 10 akeake, ndipo adalaiva ati mawu aja pachitseko sanafufute.