Zikomo kwa amene munathandiza mayi anga

Loweruka lapitali mayi anga analephera kuponda pansi ali pamsika. Achimwene akabaza amene munawanyamula mpaka kuchipatala, ndalama n'kukana, Mulungu akudalitseni. Dzina lanu sitinafunse n'komwe.

Adokotala, munatikhazika pansi n'kutionetsa chithunzi cha mafupa. Munati ndi nyamakazi ya m'kakolo, yochokera pa kuthyoka kwa mwendo kwa mu 2009: kamnofu koterera kokuta mapeto a mafupa kanaperepeseka, mafupawo akukhulana. Zaka zonsezi ife tinkangoti ndi ukalamba, tinkangowathowa ndi madzi otentha.

Asisi a mafizo, ndodo ija akuyendera, nsapato zolimba kuphazi tinagula. Kutupa kwayamba kuphwa. Dzulo afika okha kudimba. Tathokoza kwambiri.