Kaseti ya Famicom yomwe inandinyozetsa pa shopu

Sabata ino pabenchi panga pano pa Dedza boma panadutsa zamasiku onse, mafoni osalowa moto, ma decoder, wailesi ya agogo ena. Koma chomwe chandipweteka mtima ndi kaseti imodzi ya gemu.

Bambo wina wa ku Lizulu amaseweretsa ana magemu, ndipo ali ndi Famicom, makina a magemu aja Nintendo anatulutsa mu 1983. Kaseti yake ina, yosakhala yeniyeni, inasiya kusunga pomwe ana afika chifukwa SRAM ya 6264, chip ya RAM yomwe imasunga save mothandizidwa ndi batire, inafa. Bwana anaitanitsa chip ku Lilongwe. Nditaona kuti ndi yothamanga kwambiri ndinawauza kuti tifune yofanana ndi yakale, iwo amvekere, "Yatsopano singalephere, ingoikani."

Ndinaiika. Lachitatu bambowo anatulukira nkhope ili gwaa. "Achimwene, mwandidyera ndalama. Ana akusewera bwinobwino koma save ikufufutika yokha." Anayankhula makasitomala ali tcheru, bwana n'kungoti, "Amisiri a masiku ano ndi choncho." Mawu amenewo andikhala pakhosi mpaka lero.

Anzanga okonza mukudziwa kuti pa mapini 60 a kaseti ya Famicom palibe A15, waya wa address womwe umasiyanitsa $E000 (dera la gemu) ndi $6000 (dera la save). Kaseti imalandira M2 (siginolo yosunga nthawi) ndi /ROMSEL (siginolo yoitana dera la gemu), ndipo /ROMSEL imapangidwa m'makinamo kuchokera ku A15 ndi M2 yomweyo, choncho imafika mochedwerapo ndi ma nanosecond makumi angapo. Gemu ikamalemba cha ku $E000 posintha bank (chigawo cha gemu chomwe chikuwerengedwa), pakamphindi kameneko 74HC20 ya m'kaseti, kachip kotsegula ndi kutseka RAM, imaona ngati akuitana $6000, n'kutsegula RAM. Chip yakale ya 150 ns inali yochedwa kumva, kamphindiko kankangoidutsa. Yatsopanoyi imamva msanga, n'kulemba zinyalala pamwamba pa save ya mwana. Batire linali bwino, solda yanga inali bwino.

Vuto lotere multimeter siingakuonetseni. Shopu yathu ilibe oscilloscope, makina oonetsa siginolo pa sikirini, ndipo ndakhala ndikupempha kuyambira kale. Ndinakwera minibasi ndi ndalama ya m'thumba mwanga kukabwereka kwa mnzanga ku Ntcheu, pobwera ndinapeza magetsi azima, mafuta a jenereta bwana akuti palibe. Ndinadikira mpaka usiku, kuzizira kwa Dedza zala zitauma. Nditaika probe pa chip enable, pini yotsegulira RAM, ndinakaona kamzere kopyapyala kakudumpha nthawi iliyonse gemu ikasintha bank.

Ndinadula njira ya M2 yopita ku 74HC20, n'kuikapo resistor ya 1k ndi capacitor ya 100pF kuti ichedwe kukwera, komanso diode ya 1N4148 pambali pa resistor kuti potsika izitsika msanga, RAM isatsale yotsegula address itasintha kale. Kamzere kaja kanasowa. Ndinaisewera gemuyo, kuzimitsa, kuyatsanso, save ili pompo.

Lachisanu bambowo anadzatenga kaseti yawo ndipo anandipepesa pakhomo. M'buku la shopu bwana analemba kuti "kusintha batire." Ndalama ya minibasi sanandibwezere, ndipo nditayambitsanso za oscilloscope anati tidzaona anthu akagulitsa mbatatesi.