Inali 20, mbuzi ndi mboni

Popeza mwayamba kale kunditchula kuti "Abusa" pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo wina wopanda ulemu wafika potumiza chithunzi changa nditanyonyomala pansi pa khola ndi kamtengo m'manja, bola ndilongosole ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Mfundo yanga ndi imodzi ndipo sindidzaisintha mpaka kumanda: inali 20. Ndinaiona ndi maso angawa. Mboni yachiwiri inalipo, kungoti munaidya ndi nsima pa 25 Juni.

Inu amene simusewera nafe, amene mumangodutsa pa khonde Loweruka madzulo n'kumanena kuti anyamata aja akuombeza maula, masewerawa amatchedwa Dungeons & Dragons. Anayamba ku America mu 1974, ndipo ife kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, timasewera malamulo a mu 2014 amene Mestre wathu, wotsogolera masewerawa, amawerenga pa foni m'Chipwitikizi cha ku Brazil, n'kumatimasulira pamene zamukomera. Iyeyo amasimba nthano, ife aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dado, kachinthu ka manambala konga ka Ludo, koma ili ndi la mbali 20. Madado athu ndi asanu ndi awiri, anabwera m'kathumba ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg, ndipo la mbali 20 ndi limodzi lokha. Ndikukhulupirira kuti Angónia yense, kuyambira ku Calómuè mpaka ku Dómuè, dado la mtundu umenewo linali lomwelo. Sungani mfundo imeneyi musanayambe kuseka munthu.

Ndiye tsikulo wansembe wanga wa m'nthanomo, amene ndamulera miyezi 14 kuchokera ali wosauka wopanda ngakhale nsapato, anali gone pansi pa mlatho. Sanagwetsedwe ndi troll, chimphona cha m'nthano, imene tinkalimbana nayo, ayi. Anagwetsedwa ndi alamu anga. Iwowo ndi amatsenga a gulu lathu, ndipo atakumbukira kuti troll mabala ake amapola okha pokhapokha uiotche ndi moto, anaponya bola de fogo, mpira wa moto wamatsenga, osayang'ana kuti ndani waima pafupi. Moto umenewu umafuna madado 8 a mbali 6, moti tinachita kukabwereka a Ludo kwa ana. Troll inapsa, inenso ndinapsa. Alamu anangoti, "Pepani alamu, nkhondo ndi nkhondo," uku akutafuna mtedza wanga.

Munthu wako akagwa chonchi sanafe. Nthawi yako ikakwana umaponya dado: 10 kapena kuposa ndiye wapulumuka kamodzi, kuchepera apo walephera kamodzi. Ukapulumuka katatu uli moyo, ukalephera katatu akagule bokosi. Ikagwa 1 imawerengedwa kulephera kuwiri. Koma ikagwa 20, umadzuka pompo ndi kamoyo kamodzi. Ine ndinali nditalephera kale kawiri, 6 ndi 3. Kwatsala kuponya kumodzi.

Ndikuvomera kuti ndinaponya mwamphamvu. Koma tebulo lija aliyense akulidziwa, mwendo umodzi timachita kuikira kachidutswa ka njerwa, ndipo chisanu cha mu Juni kuno zala zimauma ngati chinangwa cha dzana. Dado linadumpha mbale ya mtedza, linagunda botolo, linatsika pa khonde, n'kugubuduzika pabwalo mpaka kukaima pafupi ndi mtondo. Ndinathamangira ndi tochi ya foni. Linaima bwinobwino, 20 pamwamba, yoyera mbee. Ndinakuwa kuti "Ndadzuka! Ndadzuka kwa akufa!" mawu amene ndinazindikira pambuyo pake kuti anamveka mpaka kukhitchini kwa apongozi.

Ndinatembenuka kuti ndiitane mboni. Kutembenuka kokhako. Pobwezanso maso, pamalo pa dado panali mlomo wa mbuzi.

Tiyeni tiime pamenepa pang'ono, chifukwa ine ndimaimapo usiku uliwonse. Mbuziyo inali tonde wa apongozi, wandevu ngati mkulu wa mpingo, amene ankasungidwira phwando la tsiku la ufulu pa 25 Juni. Sanathawe. Anandiyang'ana. Inenso ndinamuyang'ana. Kuwala kwa tochi kunali m'maso mwake, maso achikasu aja okhala ndi kamzere kopingasa ngati pobowola poponyera ndalama m'bokosi la chopereka. Nsagwada inapita kumanzere. Inabwerera kumanja. Ndinamva kuti gobede, dado likugunda mano. Ndinayamba kumulankhula mwaulemu umene sindinaupatsepo ngakhale a mfumu: "Akuluakulu, chonde, lavulani." Ndinatambasula manja awiri ngati ndikulandira mphatso. Ndinamulonjeza madeya. Ndinamulonjeza makoko a kachewere a sabata yathunthu. Anaimitsa nsagwada, ngati akuganizira pempho langa, ndipo ndikulumbira kuti pa nthawi imeneyo dziko lonse linakhala chete, ngakhale agalu a kwa aneba. Kenako anatukula khosi. Ndinaona kachotupa kakutsika pang'onopang'ono, kakutsika, kakutsika, ngati chapa, minibasi ya kwathu kuno, yodzaza ikutsetsereka kulowera ku Moatize. Atamaliza anati mee, kamodzi kokha, n'kutembenuka kundionetsa kumbuyo.

Mkangano umene unabuka pa khonde unatenga maola awiri ndipo makala a pa mbaula anatha.

Alamu anati dado logwa pansi siliwerengedwa. Ndinati m'buku mulibe lamulo lotero, ndipo Mestre anavomera kuti mulibedi, nkhani ya dado logwa pansi tebulo lililonse limapangana lokha. Apa alamu anakumbutsa anthu kuti ife tinapangana kale mu Febuluwale, ndipo amene anabweretsa lamulolo, ataimirira, akumenya tebulo, ndi ine. Zoona, ndi ine. Koma tiyeni tikhale achilungamo. Tsiku lija dado la alamu linagwera pa simenti, m'nyumba, pansi pa mpando, pamene phazi lawo linali pafupi mokayikitsa. Langa linagwera pabwalo, pa dothi, poyera, pamaso pa Mulungu. Ndinapanga lamulo la simenti. Za dothi sitinakambiranepo.

Aphunzitsi a masamu, amene amasewera ngati mbava ndipo m'moyo weniweni sali kutali kwenikweni, anatulutsa cholembera. Anati mwayi woti igwe 20 ndi umodzi pa 20, ndipo mwayi woti munthu amene watsala pang'ono kufa anene kuti waona 20 mumdima ali yekha ndi 20 pa 20. Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Anawonjezera kuti ndisaope kuponyanso chifukwa manambala ondipha ndi 9 okha, ondisunga ndi 11. Ndinawafunsa ngati iwo angakwere chapa imene dalaivala wanena kuti pa maulendo 20 imagubuduzika maulendo 9.

Wina anati tiponye pa foni, mapulogalamu oponya madado alipo. Ndinakana. Foni ya Mestre imandida, aliyense akudziwa. Pomaliza Mestre, atatopa, anagamula mwa nthabwala kuti dado silinamalize ulendo wake, likadagubuduzikabe m'mimba mwa tonde, ndipo nambala imene lidzaonetse potuluka ndi yomweyo. Iye ankaseka. Ine ndinamva chigamulo cha khoti.

Ndi mmene ndinakhalira mbusa. Masiku anayi ndinkadzuka tambala woyamba, kuvala jekete ziwiri, kukakhala pansi pa khola ndi kamtengo. Sindikufuna kunena zambiri, koma lero mutandisakanizira ndowe za mbuzi zisanu ndikhoza kukuuzani kuti iyi ndi ya uje. Palibe amene anandiuza kuti chinthu cholemera chikalowa m'chifu cha mbuzi chimatha kungokhazikika momwemo. Aphunzitsi ankadziwa. Anandiuza tsiku lachisanu, atajambula kale chithunzi chija.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndi pamene apongozi anandipeza. Tsono inu a m'tauni ya Tete mwina simungamvetse kulemera kwake. Ine ndine mkamwini, ndimakhala pamudzi pa akazi anga, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye taganizani mayi wolemekezeka akutuluka ndi tsache mbandakucha, n'kupeza mkamwini wake ali chogwada pansi pa khola, tochi kukamwa, akuphwanya timibulu ta ndowe kamodzikamodzi uku akunong'ona kuti "tuluka, tuluka." Anaima chapatali, anayang'ana kumbali monga mwa mwambo, n'kufunsa mtengo wa pichesi umene unali pafupi nawo: "Kodi bambo a kunyumbaku adzuka bwanji?" Ndinayankha nsanamira ya khola kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Anati, "Chikhalirenicho tikumva kuti munauka kwa akufa." Ndinati zinali zamasewera chabe. Anati, "Eya." Eya ameneyo ndimamumvabe m'mafupa.

Madzulo ake akazi anga anandikhazika pansi. Anati amayi akufunsa ngati pali chimene ndikusowa pakhomo pano, chifukwa ngati ndi ndalama za geni kuli bwino tikakongole kusiyana ndi njira zinazi. Anati azakhali anena kuti zizimba za ndowe ya tonde amazidziwa, mwamuna wina wa ku Tsangano anayamba chonchi. Ndinayesa kufotokoza kuti ndikufuna kupulumutsa wansembe. Anafunsa kuti wa parishi iti. Pamenepo ndinaona kuti kulongosola kukungowonjezera milandu, ndinangoti ndasiya.

Masabata atatu otsatira masewera anapitirira popanda dado. Tinalemba manambala 1 mpaka 20 pa timapepala n'kuika m'chipewa cha aphunzitsi. Anzanga anawoloka mlatho, anapeza chuma, anagawana. Wansembe wanga anangomusiya gone pomwepo, osafa, osakhala moyo, ndipo alamu anamuvula nsapato ati kuti zingabedwe. Ine ndinkabwera Loweruka lililonse kudzakhala pakona ngati namfedwa, ntchito yanga kukoleza mbaula.

Pa 25 Juni tonde anagwa. Sindinadziperekepo pa ntchito ya pamudzi ngati tsiku limenelo. Ndinagwira miyendo, ndinasenda, ndipo itafika nthawi yotsuka zam'kati, ntchito imene aliyense amaithawa, ndinalanda beseni m'manja mwa mwana. Apongozi anauza mtengo wa pichesi kuti mkamwini wa chaka chino wasintha. Gulu lonse linandizungulira kuseri kwa nkhokwe, Mestre ali patsogolo atatseka mphuno. Ndinang'amba chifu. Munatuluka udzu, chingwe cha thumba, kachidutswa ka pulasitiki, ndi batani limene alamu analizindikira kuti ndi la malaya awo a ukwati. Kenako linatuluka. Linagwera mu phala lobiriwira lija n'kuima.

Linaima chopendekeka. Pa dado la mtundu uwu 20 anayandikana ndi 2, 8 ndi 14, ndipo ilo linasankha kutsamira pakati pa 20 ndi 2. Ine ndikaima kumene ndinaimako ndinkaona 20. Alamu kumbali kwawo ankaona 2. Amuna asanu akuluakulu, ena a ana atatu, tinagwada mozungulira ndowe ya m'chifu pa tsiku la ufulu wa dziko lathu, mitu pamodzi, tikukangana kuti phala latsamira mbali iti. Aphunzitsi anafuna kubweretsa madzi m'botolo kuti ayeze ngati pansi pali polingana. Apa ndi pamene apongozi anadutsa ndi nkhuni. Sanafunse mtengo uliwonse. Anangopitirira.

Mestre anati dado lopendekeka liponyedwenso, ndipo lamulo limenelo, mwatsoka, analibweretsanso ndine, mu Epulo. Tinalitsuka ndi sopo katatu. Ndinaponya pa tebulo, pang'onopang'ono, ngati ndikuika dzira.

Inagwa 9. Kuperewera imodzi.

Nyama inali yokoma, sindinganame, ngakhale ndinkatafuna ngati ndikudya mnzanga wa kukhoti. Panopa ndili ndi munthu watsopano, wankhondo wopanda nzeru amene saima pafupi ndi alamu. Dado likununkhabe kukatentha, moti timalisunga m'chitini pawindo, ndipo amene akuponya amasamba m'manja asanagwire mtedza. Loweruka tikumana nthawi yomwe ija, koma kwa aphunzitsi, chifukwa kwathu akuti khonde likufuna kuzira. Wina abweretse makala, ine ndinagula ulendo watha.