Kuchuna VCO m'nyengo yotentha

Mzere woyamba wa bokosi langa la Eurorack, makina oimbira amagetsi (synthesizer) opangidwa ndi tizigawo totchedwa ma module, wadzaza tsopano, 84HP yonse m'lifupi. Muli VCO ziwiri (zotulutsa mawu), filter (yosefa mawu), VCA (yokuza ndi kuchepetsa mawu), envelope ya ADSR (yolamula momwe noti iyambire ndi kuthera), LFO (yogwedeza mawu pang'onopang'ono) ndi ka sequencer (kotumiza manoti motsatana). Bokosilo anandikhomera mmisiri wa matabwa konkuno ku Ulongwe, ine ndinangomupatsa muyezo womwe Dieter Doepfer wa ku Germany anayamba nawo pa makina ake a A-100 m'zaka za m'ma 1990, woti HP imodzi ndi mamilimita 5.08.

Ntchito yaikulu mwezi uno yakhala yochuna. Pa makina amenewa, mukawonjezera volt imodzi mawu a VCO amakwera octave yathunthu, yomwe ili ndi manoti 12, ndiye noti iliyonse imangosiyana ndi inzake ndi volt 0.083. Kusiyana kwake nkochepa zedi. Amene amasandutsa magetsiwo kukhala noti ndi ma transistor awiri, ndipo iwowa kachitidwe kawo kamasintha kukatentha kapena kukazizira. Opanga amaikapo resistor yapadera, yotchedwa tempco, yoti izibweza kusinthako, koma siithetseratu vutolo.

Ndinazimva bwino nditapita nalo bokosili ku mzinda wa Tete kukajambula ndi mnzanga woimba gitala. Kuno ku Angónia ndi kumtunda, m'mawa kumazizira. Kuchigwa cha Zambezi mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo tinali m'chipinda cha malata. VCO ziwiri zomwe kunyumba zimayendera limodzi zinayamba kutayana. Pa noti zapansi zinkagwirizana ndithu, koma tikakwera octave yachitatu imodzi inkatsalira pang'ono, mawu nkumamveka ngati akunjenjemera.

Oimba ng'oma za Gule Wamkulu izi amazidziwa kalekale. Sayamba kuomba asanaiwambe ng'oma pamoto, ndipo chikopa chikafooka mkati mwa gule amaibwezanso kumoto. Nanenso masiku ano ndimayatsa makina nkuwasiya mphindi 20 ndisanagwire kalikonse. Kenako ndimazula mawaya onse, kungosiya wochokera ku sequencer kupita pa bowo la VCO la 1V/oct, lolandira volt imodzi pa octave. Ndimatumiza volt imodzi, nditaiyeza kaye pa mita, nkuchuna noti ya C. Ndikatumiza ma volt 4 payenera kumveka C yemweyo, ma octave atatu pamwamba. Ikapanda kufika ndimapotoza ka trimmer, kochunira kakang'ono kakumbuyo kwa VCO, ndi skurudiraiva yapulasitiki, pang'ono pokha ngati kusuntha kwa chikhadabo, ndiye nkubwereranso pansi chifukwa C woyamba uja amakhala wasunthanso. Mumapita nkubwera mpaka zonse ziwiri zikhazikike. Pamafunika kudekha, koma VCO ziwiri zikagwirizana kuchokera pansi mpaka pamwamba, mawu ake amanona moti kompyuta sinandipatsepo otero. Ndaona kuti ndi bwino kuchunira m'chipinda chomwe muimbiremo, pa nthawi yomwe mumaimbira.

Za magetsi ndinene mwachidule. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, ku Songo, ndipo pakhoma timalandira 220V, koma ma module amadya +12V ndi -12V basi. Polumikiza kalamba ka mawaya kopereka magetsi ku module, mzere wofiira uzikhala mbali ya -12V. Mukatembenuza, module yopanda chitetezo imatha kupsa. Mvula ikuyandikira, choncho kukayamba ziphaliwali ndimazula pulagi pakhoma, osati kungozimitsa.

Fumbi la chilimwe linalowa m'mabowo a 3.5mm, filter nkuyamba kuthetheka ndikagwedeza waya. Ndinanyowetsa pulagi ya waya ndi sipiriti yotsukira ya isopropyl, nkuilowetsa ndi kuitulutsa kangapo m'bowo lililonse makina ali ozima, zinatheratu. Pano ndikamaliza kuimba ndimafunditsa bokosi lonse chitenje.

Chomwe ndikuyesa tsopano ndi kuika sequencer pa masitepe 12, envelope izigunda katatu pomwe LFO ikuzungulira kanayi, kuti ndiyandikire kulukana kwa ng'oma zakwathu. Envelope imodzi ikuchepa pa ntchito imeneyi, ndiye mmisiri uja ndamuuza kale kuti ayambe kupala matabwa a mzere wachiwiri.