Zikomo Baba, mwana munamuvuula uja wayamba sukulu

Dzulo ndinaperekeza mwana wathu wamkazi kukayamba Giredi 1. Nditamuona akulowa pageti, kachikwama kakulendewera kumsana, misozi inangoyamba yokha. Mwana ameneyu tikanamuika m'manda mu Epulo 2022.

Amene munali ku Durban simungaiwale mvula ya pa 11 ndi 12 Epulo ija, imene inapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal. Ife tinkachita lendi kachipinda ku Isipingo, malo otsika. Madzi analowa usiku, magetsi atazima, bambo ake a mwana ali ku ulonda. Ndinamubereka n'kutuluka, koma madzi anandigwetsa, chitenje n'kumasuka. Ndinangomva kumsana kwapepuka.

Aneba athu achizulu, amene tonse timangowatchula kuti Baba, anamva kukuwa kwanga. Anadzimanga chingwe m'chiuno, mnyamata wawo atagwira mbali inayo, n'kulowa m'madzi ofika m'khosi. Anatuluka ndi mwana, kenako anabwereranso kudzanditenga ine. Lata linawacheka mwendo, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina. Ndi ku Isipingo komweku kumene kunayambira zothamangitsa alendo mu 2015, abale athu ambiri n'kubwerera kumudzi pa mabasi. Koma usiku umenewo Baba sanafunse kuti mwanayo ndi wa kuti.

Kuno boma lili ndi mendulo ya anthu otere, Order of Mendi for Bravery. Pulezidenti amaipereka kwa nzika za South Africa zimene zaika moyo wawo pachiswe populumutsa ena, ndipo ilipo ya golide, ya siliva ndi ya mkuwa. Dzinalo ndi la sitima ya SS Mendi, imene inamira pafupi ndi chilumba cha Isle of Wight ku England pa 21 Febuluwale 1917, amuna oposa 600 n'kufera m'madzi ozizira, ambiri a iwo akuda opita kukagwira ntchito kunkhondo ku France. Chimandiwawa n'chakuti Darro, sitima imene inaigunda m'chifunga, sinatsitse maboti kuti iwavuule. Ndikamva mbiri imeneyi ndimaona Baba akubwerera m'madzi kachiwiri.

Popeza aliyense amaloledwa kupereka dzina la munthu woyenera ulemuwu, ine ndi amuna anga talemba fomu n'kutumiza. Titawauza, Baba anangopukusa mutu, amvekere mwana ndi wa tonse. Ife sitinawamvere. Tikufuna dziko lawo lidziwe zimene anachita.

Tikuthokozanso amayi a kumpingo amene munatisunga milungu itatu, ndi Amalawi anzathu amene munasonkha mabulangete, ufa ndi mapoto pamene tinalibe ngakhale supuni.

Baba, ngiyabonga. Zikomo kwambiri. Mdzukulu wanu uja wati Loweruka abwera atavala yunifomu kuti mudzamuone.