Unkhoswe wa akanyimbi

Mayi amene ndimachita lendi m'nyumba mwawo kuno ku Leicester saweta galu kapena mphaka ngati azungu anzawo. Iwo amaweta akanyimbi. Osati wathu uja wa m'tchire, koma wa ku America, wonenepa, wa mizere iwiri yoyera pamsana ndi chimchira chaubweya. Alipo awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo amakhala m'kashedi kuseri kwa nyumba. Ku America oweta amachotsa timatumba ta fungo tija nyamayo ikadali yaing'ono, koma kuno ku Britain lamulo la 2006 loteteza nyama linaletsa zimenezo. Choncho awiriwa zida zawo zinali zokwana.

Mu Epulo mayiwo ananyamuka kukaona mwana wawo ku Scotland. Anandionetsa chakudya cha ziweto zawo: masamba, dzira lophika, kanyama ka nkhuku. Atafika pakhomo anabwerera n'kundiuza kuti, "Chitseko chapakati pa khola chija musatsegule, zivute zitani." Ndinangoti chabwino mayi.

Usiku wina kunja kunazizira koopsa. Nditapita kukawapatsa chakudya ndinapeza bambo uja akukanda waya modandaula, mkazi wake ali mbali inayo pa udzu wofunda, mimba ili tuu. Tsono ine kwathu ku Dedza ndine nkhoswe, ndipo si nkhoswe wamba. Sindinalolepo mwamuna kugona pakhonde mkazi wake ali woyembekezera. Mumtima ndinati azunguwa kuthetsa maukwati a anthu sikukuwakwanira, ayamba ndi a nyama omwe. Ndinakoka chitseko chija.

Bamboyo analowa mwaulemu ndithu, akununkhiza pansi. Mayi sanamulonjere n'komwe. Anamulumphira, kumuluma khutu, kumugubuduza mu udzu, ubweya uli mbwee. Ndinatola tsache n'kulowa pakati.

"Iyayi, iyayi! Tiyeni tikhale pansi tikambirane!"

Wamkaziyo anasiya ndewu n'kuyamba kupondaponda pansi ndi miyendo yakutsogolo. Ndinasangalala, ndimvekere eya, mawu a akulu amveka. Kenaka anaimika mchira, n'kupinda thupi mwakuti nkhope ndi matako zonse zinaloza kwa ine. Kanyimbi amatha kuponya madzi ake aja mamita atatu, ndipo saphonyaphonya. Ine ndinali nditawerama, mita imodzi yosakwana.

Ndipo bambo uja, amene ndinkamumenyera ufulu, khutu likuchucha magazi, anatembenuka nayenso n'kuthirapo ake. Pamenepo pokha m'pamene banjali linagwirizana chimodzi.

Fungo lake lili ngati mwawotcha tayala, n'kuswerapo mazira owola ndi adyo. Maso anayaka moto, misozi ndi mamina zili chuchuchu, nsima yamadzulo inabwerera njira yomwe inalowera. Ndinakankha bamboyo ndi tsache kubwerera kwake, kutseka chitseko mopapasa, n'kuthamangira kubafa. Koma zinthuzo n'zamafuta ndiponso zili ndi salifa, madzi amangozifalitsa. Mnzanga wina wa ku Zambia anandiuza pafoni kuti mankhwala ake ndi tomato. Ndinatsegula zitini zonse za m'kabati mwa mayi aja n'kudzipaka thupi lonse. Patapita nthawi fungo linaleka kumveka. Kunali kutopa kwa mphuno chabe, tomato sachotsa kanthu. Paja wonunkha sadzimva.

M'mawa ndinakwera basi kupita kuntchito. Azungu satukwana m'basi, amangokhosomola mwaulemu n'kusamukira mpando wina. Posakhalitsa ndinali ndekha chapakati, anthu onse atapanikizana kutsogolo, mawindo ali otsegula ngakhale kunali chisanu. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, agogo ena amene sakonda kuyankhula anakuwa kuti gasi akutuluka. Sanalakwitse kwenikweni, chifukwa mankhwala amene amathira mu gasi wophikira kuti azimveka akamadontha ndi a mtundu womwewo. Abwana anali atagwira kale foni kuti aitane okonza gasi pamene anazindikira kuti kulikonse komwe ndikupita, gasiyo akupitanso komweko. Anandiuza kuti ndikapume, ataima patali.

Nditawaimbira mayi a nyumba, za ine sanafunse. "Wamkaziyo ali bwanji? Akudya?" Anandilalatira kuti kanyimbi wamkazi amalola mwamuna nyengo yokwerana yokha, mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo ngakhale pamenepo zimakhala zolumana pakhosi. Akangotenga bere safunanso kumuona, chifukwa wamwamuna amatha kupha ana akabadwa. Wamkazinso akasokonezedwa kwambiri amatha kutaya bere, kapena kudya yekha ana ake. M'tchire mwamuna amathamangitsidwa n'kupita kwina, koma m'khola alibe kothawira, n'chifukwa chake amavulazana.

"Koma mayi, kwathu banja..."

"Si banja limenelo!"

Mtima utatsika anandiuza mankhwala enieni: hydrogen peroxide wa 3 peresenti wa kufamase, soda ndi sopo wotsukira mbale pang'ono, kusakaniza m'beseni losavindikira, poti m'botolo lotseka zimaphulika. Anati ndipake, ndidikire mphindi zochepa, nditsuke. Ine ndinaona kuti fungo lotere silingathe ndi mphindi zochepa, ndiye ndinazisiya kumutu mpaka nditamaliza kuonera mpira. Fungo linathadi. Tsitsi linasanduka lofiirira, nsidze zomwe.

Bere la kanyimbi limatenga miyezi iwiri ndi masiku pang'ono. Mu Meyi wamkazi uja anaswa ana asanu, osaona, amoyo onse. Mayi a nyumba anagula loko n'kuika pachitseko chapakati chija, kiyi akuyenda naye m'chikwama.

Lamlungu lake ndinaimbira mkazi wanga ku Dedza pa WhatsApp, ya vidiyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

"Abambo, tsitsi limenelo wakudayani ndani?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa chitseko mpaka pa tomato. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Kanyimbi. Chabwino. Ndiwauza ankhoswe akuimbireni, mukawafotokozere iwowo za kanyimbi wanuyo."