Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kuwedza trout m'chisanu pa mtsinje wa San Juan

Gawo lathali ndinakusiyani nditangofika ku New Mexico, m'dziko la America. Lero nkhani zanga zidikire kaye, tikambe za mtsinje umene unkandidyera masiku onse opuma kuyambira Disembala mpaka Febuluwale.

San Juan saundana ndi chisanu chifukwa madzi ake amatulukira pansi pa damu la Navajo, ndipo amakhala pa madigiri 6 a Celsius kapena kuyandikira pamenepo chaka chonse. Trout imadyabe, koma siithamangitsa chakudya. Imakhala pansi pa dziwe, ngati la Texas Hole, kudikira kuti chakudya chiipeze pakamwa. Ndiye kulawirira m'mamawa n'kungodzizunza. Fikani cha m'ma 10 koloko, pofika 3 koloko longedzani.

Chakudya chake nthawi imeneyi ndi timphutsi ta midge, tizilombo tokhala ngati nkhungu za kunyanja kwathu. Nyambo yopanga ikhale yaing'ono ndithu, mbedza ya nambala 22 kapena 24, yofiira kapena yakuda. Kumapeto kwa chingwe lumikizani ulusi woonda kwambiri wotchedwa 6X, mangani nyambo ziwiri motalikirana masentimita 30, kampira kamodzi ka mtovu pamwamba pake. Kachoyandama, kamene kamasonyeza kuti nsomba yadya, kaikeni pa chingwe pamwamba pa mtovuwo, pa mtunda wa kuya kwa madzi kamodzi ndi theka. Kamnga kakumapeto kwa mbedza kaphwanyeni ndi pulayala, ndi lamulo m'chigawo cha mtsinjewu cha kufupi ndi damu, ndipo nsomba mukaigwira mumaibweza.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akaona kuti sizikudya amathamangira kusintha nyambo, chonsecho vuto ndi kuya. Ngati mtovu sukugunda pansi mwa apo ndi apo, nyambo ikudutsa pamwamba pa nsomba. Kwezani kachoyandama pang'ono, muponyenso. Chingwe chikakokedwa ndi madzi, nyambo imathamanga kuposa timphutsi tenitenito ndipo trout imaikana, choncho mukaponya chitembenuzireni kumtunda. Kachoyandama kakangoima kapena kunjenjemera, kwezani ndodo mofatsa. Mukatsomphola, 6X imaduka.

Timphete ta pa ndodo timaundana. Osathyola ayeziyo ndi mphamvu, nsonga imapita nayo limodzi. Iviikeni ndodoyo m'madzi, kapena pakani Vaseline musanayambe. Masokosi akhale a ubweya, osati a thonje, ndipo nsapato zothina zimaziziritsa mapazi kuposa madziwo.

Nsomba ichotseni mbedza ili m'kaukonde m'madzi momwemo, chifukwa kunja zopumira zake zimaundana msanga. Mukaona timiyala toyera mbee pamalo osaya, lambalalani. Pamenepo brown trout inaikira mazira.